Kugontha ndi Kudzandira mwa Mayi Woyembekezera Amene Anasanza Masabata 6: Lipoti la Matenda a Wernicke ku Mzuzu

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka 24 amene tinamusamalira pachipatala chathu kuno ku Mzuzu m'nyengo yozizira, ndipo ndikulembera makamaka anzanga ogwira ntchito m'mawodi a amayi oyembekezera. Ambirife tinaphunzitsidwa kuti matenda a Wernicke, matenda a ubongo obwera chifukwa chosowa vitamini B1 (thiamine), ndi a bambo amene wamwa kachasu zaka zambiri osadya mokwanira, amene amabwera maso atapotoka, mutu utabalalika. Wodwala wathu sanalawepo mowa. Anabwera akudandaula kuti makutu atseka ndiponso kuti pansi pakuyendayenda, ndipo kwa masiku 2 tinanamizira kwinini. Mayiyu anavomera kuti nkhani yake ilembedwe, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingamuzindikiritse.

Mbiri ya wodwala

Mimba inali yachiwiri, ya masabata 13 malinga ndi sikani. Yoyamba anachira bwinobwino zaka 3 zapitazo. Ulendo uno kusanza kunayamba pa sabata la 7 ndipo sikunalekeze. Apongozi ake, amene anali gadiyani, anafotokoza motere: "Adokotala, mwanayu ngakhale madzi akumwa sakukhala m'mimba. Phala ndikaphika, masupuni awiri basi, labwerera." Fungo la nyemba, la mtedza ndi la usipa linkamuchititsa nseru, choncho kwa mwezi wathunthu chimene chinkalowa m'kamwa mwake chinali phala la ufa woyera lothira shuga ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo, zimene ankamwa pang'onopang'ono. Kabuku kake ka kuchipatala kanaonetsa kuti kusikelo, atangoyamba, ankalemera makilogalamu 61. Tsiku limene tinamulandira ankalemera 52.

Asanafike kwa ife anagonekedwa kawiri pachipatala china chaching'ono. Maulendo onse awiri anapatsidwa madilipi a dextrose (madzi a shuga) ndi jakisoni woletsa kusanza, ndipo m'kabukumo simunalembedwe vitamini aliyense kupatula mapiritsi a folic acid ndi ayironi a kusikelo, amene ankawasanza. Pa sabata la 11 anatentha thupi, anamupeza ndi malungo, ndipo anamupatsa mapiritsi a kwinini. Anamwa masiku 2 okha n'kusiya chifukwa ambiri ankabwerera. Kuchokera pa piritsi lomaliza kufika tsiku limene tinamugoneka panali patapita masiku 10.

Madandaulo atsopano anayamba kutatsala masiku 4 kuti abwere. Poyamba chinali chizungulire, chimene a pabanja anati ndi njala. Kenako anayamba kugwira khoma popita kuchimbudzi, ndipo apongozi anaona kuti akamuitana ali kumbuyo sakutembenuka. Iye mwini anati m'makutu mukulira ngati nkhululu, ndipo mawu a anthu akumveka ngati akuchokera kutali.

Masiku awiri oyamba

Pomulandira anali wouma milomo, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi kuli 96/60, osatentha thupi. Mumkodzo munali ma ketone ochuluka, chizindikiro cha njala m'thupi. Shuga wa m'magazi anali 3.6 mmol/L, sodium 129, potassium 2.9, ALT (muyeso wa chiwindi) 96, hemoglobin 11.2, ndipo analibe HIV. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kanaonetsa mizere iwiri, koma kulabu pa galasi sanapeze tizilombo. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa kachipangizo kameneka kamatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo tizilombo titafa kale. Komabe mizere iwiriyo inathandiza kutsekera maganizo athu pa malungo ndi mankhwala ake.

M'fayilo munalembedwa kuti ndi kusanza koopsa kwa pa mimba, kutha madzi m'thupi, ndi kugontha kobwera ndi kwinini. Anapatsidwa dilipi ya madzi a mchere ya Ringer's lactate ndi potassium, ndipo poona kuti shuga watsika, anamuikanso malita 2 a dextrose 5% usiku woyamba ndi ena tsiku lotsatira. Madzulo a tsiku lachiwiri namwino analemba kuti wodwala akungogona, akuyankha mochedwa, ndipo akuti akuona anthu awiriawiri. Anamutenga madzi a mumsana poganizira matenda oumitsa khosi. Madziwo anali oyera, opanda maselo.

Kulakwa kumeneku sindikuika pa munthu mmodzi. Ndinawerenga fayiloyo tsiku loyamba ndipo mawu akuti kwinini anandikhutiritsa inenso, ngakhale kuti kuwerengera masiku kokha kukanatha kundidzutsa. Kulira kwa m'makutu ndi kugontha kwa kwinini kumayamba munthu ali pa mankhwalawo, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa atasiya, chifukwa theka la kwinini limachoka m'magazi pasanathe tsiku limodzi. Wodwala wathu anayamba kugontha patapita pafupifupi sabata chisiyireni kumwa, ndipo kugonthako kunkakula m'malo mochepa.

Kumuyeza pa tsiku lachitatu

Ndinamupeza ali maso koma wosalabadira. Dzina lake anatchula, koma tsiku ndi mwezi sanadziwe, ndipo mawu atatu amene ndinamuuza mokweza, iye n'kuwabwereza, anali atawaiwala onse patangopita mphindi 5. Kuti timvane ndinkayenera kukhala patsogolo pake penipeni. Anandiuza chinthu chimene ndinachilemba mmene anachinenera: "Phokoso ndikulimva, adokotala, koma mawuwo sakulekana." Kunong'ona kumbuyo kwake sanamve mbali zonse ziwiri. Ndi otoscope, kachipangizo kounikira m'khutu, makutu onse anali oyera, opanda phula kapena mafinya, ndipo ng'oma zake zinali zabwinobwino. Ndi tuning fork ya 512 Hz, kachitsulo kamene kamalira kakamenyedwa, ankamva bwino kulira kodutsa mumpweya kuposa kodutsa m'fupa mbali zonse, ndipo nditaiika pamphumi kulirako sikunapendekere khutu lililonse. Izi zinatanthauza kuti vuto silinali panjira ya phokoso kunja kapena pakati pa khutu, komanso kuti linagwira mbali zonse mofanana.

Maso ndi amene ananena zambiri. Akayang'ana kumanja ankagwedezeka mothamangira kumanja, akayang'ana kumanzere ankathamangira kumanzere, ndipo akayang'ana kumwamba ankadumphira m'mwamba. Kugwedezeka kwa maso (nystagmus) kosintha mbali motere sikuchokera m'khutu, kumachokera mu ubongo. Diso lililonse linkalephera kufika kumapeto poyang'ana chakunja, ndipo n'chifukwa chake ankaona anthu awiriawiri.

Kenako ndinachita head impulse test, njira imene Halmagyi ndi Curthoys anaifotokoza mu 1988, ndipo siifuna chipangizo chilichonse koma manja awiri. Ndinamugwira mutu, ndinamuuza kuti maso akhale pamphuno panga, n'kutembenuza mutuwo pang'ono koma mwachangu. Mwa munthu wabwinobwino maso amakhala pamphuno pomwepo, chifukwa khutu lamkati limatumiza uthenga ku ubongo nthawi yomweyo kuti maso abwerere mosemphana ndi mutu. Mwa wodwala wathu maso ankapita limodzi ndi mutu, kenako n'kudumpha kubwerera pamphuno, ndipo zinkatero kumanja ndi kumanzere komwe. Ndinabwereza kangapo pamaso pa ophunzira awiri amene tinali nawo, ndipo onse anaona kudumphako.

Kukhala pabedi osatsamira kunkamukanika. Titamuimiritsa anatangadza miyendo n'kugwera kwa apongozi ake. Koma kukhudza mphuno yake ndi chala kenako chala changa anachita bwino ndithu, mphamvu za manja ndi miyendo zinalipo, ndipo kulankhula sikunali kwa chibwibwi. Kudzandira kwa thunthu ndi miyendo, manja ali bwino, ndi mmene matenda a Wernicke amaonekera kawirikawiri.

Mankhwala ena amene ndinawafufuza m'kabuku ndi gentamicin, opha mabakiteriya, chifukwa amawononga khutu lamkati mbali zonse ziwiri ndipo amapangitsa maso kudumpha chimodzimodzi pa head impulse test. Sanalandirepo, komanso analibe mbiri ya chifuwa chachikulu kapena jakisoni wa streptomycin. Ngakhale akanalandira, gentamicin salepheretsa diso kuyang'ana chakunja ndipo saiwalitsa. Sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo tinaiganizira, koma matenda ogwira mbali zonse mofanana, okula pang'onopang'ono masiku angapo, mwa mayi wachitsikana amene wataya makilogalamu 9, anatilozera kwina. MRI, sikani yojambula ubongo, sitinachite, ndiponso thiamine wa m'magazi sitiyeza pamalo athu.

Mu 1997 Caine ndi anzake anapereka njira yozindikirira matenda a Wernicke pabedi: zizindikiro ziwiri mwa zinayi izi ndi zokwanira, kuperewera kwa chakudya, vuto la kayendedwe ka maso, kudzandira kochokera mu cerebellum (chigawo cha kumbuyo kwa ubongo chothandiza thupi kukhazikika), ndi kusokonezeka kwa mutu kapena kuiwala. Wodwala wathu anali nazo zonse zinayi. Chowawa n'chakuti ziwiri, njala ndi kudzandira, anali nazo kale pa tsiku loyamba.

Chithandizo

Dilipi ya dextrose tinaichotsa nthawi yomweyo n'kuika normal saline (madzi a mchere) yokhala ndi potassium, ndipo tinasamala kuti sodium asakwere mofulumira, popeza kumukweza mothamanga kumawononga ubongo mwa njira ina. Malangizo a madokotala a ku Britain amati thiamine akhale mamiligalamu 500 katatu pa tsiku kwa masiku 2 kapena 3, kenako 250 pa tsiku, pamene malangizo a bungwe la madokotala a ubongo a ku Ulaya a mu 2010 amati mamiligalamu 200 katatu pa tsiku. Mabotolo a mamiligalamu 100 amene tinapeza kufamase sakanakwana pa mlingo waukuluwo, choncho tinasankha 200 katatu pa tsiku, wosungunula mu saline wa mamililita 100 n'kumulowetsa mumtsempha kwa mphindi 30. Tinatero masiku 5, kenako 100 pa tsiku mumtsempha mpaka kusanza kutaleka, kenako mapiritsi. Wina anafunsa ngati jakisoni wa vitamin B complex sangakwanire. Ndinapempha kuti awerenge pa botolo kuchuluka kwa thiamine amene alimo, chifukwa m'mitundu yambiri ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ubongo wodwala chotere ukufuna.

Magnesium sitinathe kuyeza, koma munthu amene wasanza masabata 6 ndipo potassium wake watsika amakhala kuti magnesium watsikanso, ndipo popanda iye thiamine sagwira ntchito bwino. Mwayi wa wodi ya amayi ndi woti magnesium sulphate amakhalapo chifukwa cha matenda a kuthamanga kwa magazi pa mimba. Tinamupatsa magalamu 2 pang'onopang'ono mumtsempha, tikuyang'anira mkodzo, kupuma ndi kudumpha kwa bondo. Mankhwala oletsa kusanza tinawapereka pa nthawi zoikika m'malo modikira kuti asanze kaye, ndipo ayironi tinayamba taimitsa.

Mmene anachirira

Zizindikiro sizinachoke pamodzi, ndipo ndondomeko yake ndi yophunzitsa. Patapita maola 18 maso onse ankafika kumapeto ndipo kuona awiriawiri kunatha. Pa tsiku lachiwiri la thiamine anakhala tsonga n'kufunsa za mwana wake woyamba. Pa tsiku lachitatu apongozi anandiimitsa pakhomo la wodi: "Adokotala, lero wandikalipira kuti ndikukuwa. Ndiye kuti wayamba kumva." Kunong'ona anakumva mbali zonse pa tsiku lachinayi, ndipo kulira kwa m'makutu kunatha sabata lisanathe. Kudumpha kwa maso pa head impulse test kunachepa pa tsiku lachitatu, koma kumanzere kunkaonekabe pang'ono pa tsiku la 10. Kuyenda ndi kumene kunachedwa. Anaimirira yekha pa tsiku la 6, anayenda ndi ndodo pa tsiku la 9, ndipo tinamutulutsa pa tsiku la 16 akuyendabe motangadza. Mtima wa mwana unkagunda bwino pa sikani zonse ziwiri zimene tinachita.

Kukambirana

Carl Wernicke anafotokoza matendawa mu 1881 pa odwala atatu, ndipo timaiwala kuti mmodzi mwa iwo sanali chidakwa. Anali mayi wachitsikana amene ankasanza mosalekeza atamwa asidi amene anamupserezera njira ya chakudya. Thupi limasunga thiamine wochepa, pafupifupi mamiligalamu 30, ndipo akapanda kulowa watsopano nkhokweyo imatha m'masabata 2 kapena 3. Munthu wamkulu amafuna kupitirira pang'ono miligalamu imodzi pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera amafuna pafupifupi 1.4. Ntchito ya thiamine ndi kuthandiza ma enzyme amene amasandutsa shuga kukhala mphamvu, monga pyruvate dehydrogenase, alpha-ketoglutarate dehydrogenase ndi transketolase. Choncho shuga akachuluka, thiamine wotsalayo amatha msanga, ndipo dilipi ya dextrose mwa munthu amene nkhokwe yake yauma imafulumizitsa matenda amene anali akubwera kale. Wodwala wathu anailandira maulendo atatu.

Zakudya zathu zimawonjezera vutoli. Thiamine wa m'chimanga ali m'gaga ndi m'kamtima ka njere, ndipo pokonola, kuviika mphale m'madzi masiku angapo ndi kuitsuka, wambiri amatayika. Ufa woyera umene timaulemekeza ndi kuphikira wodwala uli ndi thiamine wochepa kuposa mgaiwa. Mpunga wopuntha mpaka kuyera ndi kondowole wa chinangwa, zimene zimadyedwa kwambiri kuno kumpoto, nazonso n'zosauka pa vitamini ameneyu. Nyemba, mtedza, soya ndi nyama ya nkhumba ndizo zimadzaza mpatawo, ndipo nthawi zambiri ndi zomwezo zimene mayi wa nseru amayamba kuzikana.

Mbali za ubongo zimene zimayamba kuvulala ndi zimene zimadya shuga kwambiri, ndipo zili pafupi ndi timadziwe ta madzi a mu ubongo (ma ventricle): ma mammillary body ndi mkati mwa thalamus, kumene kumakhudza kukumbukira, dera lozungulira kangalande ka pakati pa midbrain (ubongo wapakati), ndi pansi pa ventricle yachinayi. Pansi pa ventricle yachinayi pomwepo ndi pamene pali ma vestibular nucleus, malo olandirira uthenga wa khutu lamkati wonena mmene mutu ukuyendera. Khutu lenilenilo limakhala lili bwino, koma uthenga wake ukafika sukonzedwa, makamaka wa kutembenuka cham'mbali. N'chifukwa chake head impulse test imaonetsa vuto mbali zonse ziwiri, ndipo izi zimatha kuoneka mutu usanayambe kubalalika. Madokotala akale ankathira madzi ozizira m'khutu ndipo ankapeza zofanana, kuti maso a odwalawa sayankha. Kudzandira kwa matenda a Wernicke kuli ndi magwero awiri kapena atatu: ma vestibular nucleus, chigawo chapakati cha cerebellum, ndipo mwa ena mitsempha ya m'miyendo. Mbali ya vestibular imachira msanga ndi thiamine, pamene ya cerebellum imachedwa ndipo mwa odwala ambiri siichira yonse.

Kugontha n'kosowa pa matendawa, ndipo mabuku ambiri a ophunzira sakutchula. M'malipoti a odwala ogontha amene anajambulidwa ndi MRI, kawirikawiri panapezeka kuvulala kwa ma inferior colliculus, timatumbira tiwiri ta kumbuyo kwa midbrain timene pafupifupi uthenga wonse wa kumva umadutsamo popita kumtunda. Timatumbira timeneti tili m'gulu la malo amene amagwiritsa ntchito shuga ndi magazi kwambiri mu ubongo wonse, choncho n'zomveka kuti tivutike thiamine akasowa. Popanda MRI kapena audiometer, chipangizo choyezera kumva, sindinganene motsimikiza kuti ndi pamenepo pamene wodwala wathu anavulala. Koma makutu oyera, kugontha kofanana mbali zonse, dandaulo lake loti phokoso akulimva koma mawu sakulekana, ndi kubwerera kwa kumva m'masiku 4 a thiamine, zonsezi zikugwirizana ndi vuto la mu ubongo kuposa la m'khutu. Tiubweya ta m'khutu lamkati tikawonongeka ndi gentamicin sitibwerera motero.

Pa kafukufuku wa mitembo amene Harper ndi anzake anachita ku Perth, Australia, ndipo anamufalitsa mu 1986, odwala 16 okha mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro zitatu zonse zimene timaloweza (vuto la maso, kudzandira ndi kusokonezeka kwa mutu), ndipo pafupifupi 80 mwa 100 anamwalira matendawa asanazindikiridwe. Amene akudikira kuti maso, miyendo ndi mutu zisokonezeke pamodzi adzaphonya ambiri. Mwa amayi oyembekezera mtengo wa kuchedwa ndi waukulu: pa nkhani zolembedwa za matendawa obwera ndi kusanza kwa pa mimba, pafupifupi theka la mimbazo zinapita padera. Odwala ena amatsala ndi kuiwala kosatha kumene Sergei Korsakoff anakufotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Thiamine ndi wotchipa, ndipo ngozi yake yaikulu, thupi kumukana mwadzidzidzi, ndi yosowa kwambiri, makamaka akamalowa pang'onopang'ono. Kwa ine, kumupereka kwa amayi khumi amene mwina sakumufuna n'kwabwino kuposa kumana mmodzi amene akumufuna.

Nkhaniyi itakambidwa pa msonkhano wa m'mawa, tinagwirizana kuti mayi aliyense wogonekedwa chifukwa cha kusanza kwa nthawi yaitali azilandira thiamine wa mamiligalamu 100 mumtsempha dextrose asanaikidwe, ndipo ngati shuga watsika moopsa, zonse ziwiri zilowe pamodzi popanda kuchedwetsa shugayo. Tinagwirizananso kuti amene akudandaula chizungulire kapena makutu aziyezedwa maso ndi head impulse test asanamulembere kuti ndi kufooka chabe, ndipo mabotolo angapo a thiamine azikhala m'kabati ya wodi yomweyo, osati kufamase kokha kumene usiku kumavuta kufikako.

Kumuonanso

Anabwera patapita masabata 6, mimba ili pa masabata 21, atabwerera pa makilogalamu 57, akudya nsima ya mgaiwa, nyemba ndi phala lothira nsinjiro monga tinalangizira, ndipo akumwa mapiritsi a thiamine tsiku lililonse. Kumva kunali bwino mbali zonse. Mawu atatu anawakumbukira onse, koma za sabata limene anagonekedwa sakumbukira kanthu, ngakhale kutengedwa madzi a mumsana, ndipo apongozi anati nthawi zina amafunsa funso limodzi kawiri. Nystagmus yaing'ono inalipobe akayang'ana kumapeto cham'mbali. Masana ankayenda bwino popanda ndodo, koma kuponda phazi patsogolo pa linzake ankalephera akafika pa sitepe yachinayi, ndipo usiku magetsi akazima ankagwira khoma. Anati akakwera kabaza pamsewu wa mabampu zikwangwani zimavina, ndipo ndowa ya madzi pamutu sanayambebe kusenza chifukwa amaopa kugwa.

Tinamuphunzitsa kuyang'anitsitsa chilembo chomata pakhoma uku akutembenuza mutu uku ndi uku kwa mphindi imodzi, kasanu pa tsiku, ndi kuyenda m'mbali mwa khoma wina ali pafupi. Tinamuuza kuti apitirize thiamine mpaka atachira ndiponso nthawi yonse yoyamwitsa, ndipo pa tsamba loyamba la kabuku kake tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti akadzayambanso kusanza, pa mimba ino kapena ina, alandire thiamine dilipi ya shuga isanaikidwe. Tidzamuonanso mimba ikafika masabata 28.